Kolela Si Matenda a Anthu Auve

Caka ciliconse mvula ikayamba kugwa mu Lusaka, timamva mau amodzimodzi pa wailesi: sambani m'manja, sesani pakhomo, lekani kudya zakudya za m'misewu. Mau amenewa si oipa. Koma kumbuyo kwake kuli ciweluzo cimene ife a m'makomboni tasenza kwa zaka zambili, cakuti kolela ni matenda a anthu auve, ndipo ukadwala mlandu ni wako. Ciweluzo cimeneci tikucikana. Kolela imabwela na madzi, ndipo amene ali na udindo wokonza madzi a mu tauni muno adziwika.

Tiyambe na cimene kolela ili. Ni kacilombo kosaoneka na maso kochedwa Vibrio cholerae, kamene kamatuluka m'zonyansa za munthu amene ali nako. Sikayenda mumphepo monga TB, sikabwela na udzudzu monga maleliya. Njila yake ni imodzi cabe: pakamwa, kupitila m'madzi kapena cakudya cimene cakhudzana na zonyansazo. Kakafika m'matumbo kamatulutsa poizoni amene amacititsa thupi kukhuthula madzi ake. Munthu amatulula zamadzi zoyelela monga madzi otsukila mpunga, amasanza, minofu ya m'miyendo imakokana, maso amalowa mkati, ndipo khungu ukalitsina silibwelela msanga. Zizindikilo zingayambe patapita maola ocepa kapena masiku osapitilila 5. Mwamuna wamphamvu amene anali pa nchito m'mawa angamwalile usiku womwewo. Komanso ambili amene ali na kacilomboka saoneka odwala, koma amakasiya m'cimbudzi kwa masiku angapo.

Ndiye funso ni ili: zonyansa zifika bwanji m'kapu ya mwana? Yankho lili pansi pa mapazi athu. Mbali yaikulu ya Lusaka inamangidwa pa mwala wa laimu wokhala na ming'alu na mphako, ndipo kumalo monga Kanyama, Chawama na Misisi madzi a pansi ali pafupi kwambili. Nyumba zambili zilibe suweji, zili na zimbudzi zokumba. Mapaipi akauma kapena akakhala kutali, anthu amatunga pa citsime cosaya cimene cili masitepe ocepa kucoka pa cimbudzi. Mvula ikagwa, zimbudzi zimadzala, madzi a pansi amakwela, ndipo zonse zimasakanizika. Mai angasese pabwalo mbandakuca, angakwece mapoto mpaka kuwala, koma tsache silingasese citsime.

Amene amatinena kuti ndife auve atiyankhe funso limodzi. Ndani amacapa zovala, kukolopa na kuphika m'nyumba za kumayadi, ku Kabulonga na ku Woodlands? Ni azimai a m'makomboni omwewa. Manja amene amasunga nyumba za ena mwaukhondo sasanduka auve akafika kwawo madzulo. Cimene casintha ni pompi na cimbudzi.

Zimenezi si zatsopano. Mu 1854 kolela inapha anthu mazanamazana m'dela la Soho ku London. Dokotala John Snow analondola imfa zija nyumba na nyumba, napeza kuti ambili anali kumwa madzi a pa mjigo umodzi wa mu Broad Street. Akuluakulu a delalo anacotsa cogwilila ca mjigowo. Pambuyo pake mzindawo unamanga masuweji aakulu, ndipo mlili wothela wa kolela ku London unacitika mu 1866. Anthu a kumeneko sanasanduke angelo. Madzi akumwa anangopatulidwa ku zonyansa.

Nanga ife? Kolela inalembedwa koyamba m'dziko lathu mu 1977. Mu October 2017 inabuka mu komboni ya Chipata n'kufalikila ku Kanyama na madela ena. Anthu opitilila 5,000 anadwala, opitilila 100 anamwalila. Masukulu anacedwa kutsegulidwa, asilikali anathamangitsa ogulitsa m'misewu, ndipo National Heroes Stadium inasanduka cipatala. Mu 2018 Zambia inatsogolela maiko ena pa msonkhano wa World Health Organization kupempha kuti dziko lonse lapansi lithetse kolela, ndipo inadziikila caka ca 2025 kuti ikhale itaithetsa kuno kwathu. Koma mu October 2023 inabwelanso, ndipo inali yoopsa kuposa kale: odwala opitilila 20,000, omwalila opitilila 700, m'zigawo zonse 10. Ana amene anafunika kubwelela ku sukulu pa 8 January 2024 anabwelela pa 12 February. Bwalo la mpila lija linadzalanso mabedi. Maboma awili osiyana, sitediyamu imodzimodzi. Conco iyi si nkhani ya cipani. Ni nkhani ya cizolowezi cothamanga na mabaketi nyumba ikayaka, n'kuiwala moto ukazima.

Ena adzati: koma anthu amataya zinyalala m'ngalande, amamanga pamene palibe pulani. N'zoona, ndipo wotaya zinyalala m'ngalande alakwa, aneba ake amudzudzule. Koma zinyalala zimatseka ngalande, sizibala kolela. Ndipo makomboni si misasa ya anthu odutsa. Kucokela mu 1974 pakhala lamulo lolola boma kuwavomeleza na kuwatukula. Muli ovota, muli olipila misonkho ya pa msika, muli ana obadwila momwemo amene lomba ali na adzukulu. Munthu amene umamufuna pa nthawi ya masankho sungamuuze kuti kumene akhala n'kosayenela paipi.

Kunena anthu kuti ni auve kulinso na mtengo wake, ndipo mtengowo ni maliro. Matenda akakhala a manyazi, banja limabisa wodwala. Limayembekeza kuti kuce, limagula mapilisi pa ntemba, limaopa kuti aneba adzaloza zala. Pa mlili wa 2024 anthu ambili anamwalilila kunyumba kapena panjila, asanaonane na nasi. Izi n'zowawa cifukwa kolela ni matenda ocilitsika. Wodwala kwambili akasiyidwa popanda thandizo, mwa anthu awili mmodzi angafe. Akathandizidwa msanga, omwalila sakwana na mmodzi yemwe pa anthu 100.

Conco tiuzane poyela zocita. Munthu akayamba kutulula zamadzi, muyambeni kumumwetsa madzi a moyo, ORS, nthawi yomweyo. Paketi imodzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi owilitsa kapena othila klorini. Ngati mulibe paketi, mu lita imodzi thilani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukila na hafu ya supuni yaing'ono ya mcele. Amwe pang'onopang'ono olo asanze, ndipo apitilize kumwa ali panjila yopita ku kiliniki. Musayembekeze kuti kuce. Mwana woyamwa apitilize kuyamwa. Ku cipatala, wofooka kwambili amamuika dilipu, ana amawapatsa zinc, ndipo mankhwala opha tuzilombo amapelekedwa na a zaumoyo kwa amene afunikila. Mapilisi oimitsa m'mimba sabweza madzi amene thupi lataya. Kacasu nayenso sapha kolela, amangowonjezela kuuma kwa thupi.

Pakhomo, madzi akumwa tiwilitse kapena tithilemo klorini monga mwa malangizo a pa botolo, n'kuyembekeza mphindi 30 tisanamwe. Tiwasunge m'cigubu ca pakamwa pang'ono kuti manja na makapu asaviikidwemo. Tisambe m'manja na sopo tikacoka ku cimbudzi, tikasintha mwana, na tisanagwile cakudya. Ndiwo zidyedwe zikali zotentha. Wina akamwalila na kolela, thupi lake likali na tuzilombo, conco tilekele a zaumoyo kulikonza olo mtima uwawe. Katemela wakumwa akabwela tilandile, koma tidziwe kuti citetezo cake n'ca kanthawi, ndipo mu 2022 pa milili anayamba kupeleka mlingo umodzi m'malo mwa iwili cifukwa katemelayu anali wocepa padziko lonse.

Zonsezi tizicita, ndipo ambili a ife timazicita kale. Koma malasha owilitsila madzi ni ndalama, klorini ni ndalama, madzi a pa kiyosiki timagula pa cigubu. Wosauka ndiye amalipila kwambili kuti amwe madzi amene wa kumayadi amatsukila galimoto. Kumuuza cabe kuti samba m'manja n'kumupatsa nchito imene inafunika kugwilidwa na paipi.

Ndalama zoyambila zilipo. Mu 2022 thumba la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse, ndipo mapulojekiti ake amayambila ku makomiti a m'mawadi. Kumeneko n'kumene tifunika kukakhala, na mafunso okonzeka. Ni mapompi angati atsopano amene adzaikidwa m'wadi yathu caka cino? Zitsime zosaya zikakwililidwa, anthu adzatunga kuti? Ndani adzapopa zimbudzi zodzala mvula isanayambe, ndipo pa mtengo wanji? Madzi a m'makiyosiki na m'maborehole amapimidwa liti, ndipo zotulukapo zimakhomedwa pati kuti tonse tiwelenge? Khansala na MP amene alibe mayankho abwelenso nawo pa msonkhano wotsatila, ndipo tilembe tsiku.

Mafunso amenewa ni a mu June na July, kukali kouma, pamene ngalande ingakumbidwe na paipi ingayalidwe. Mu January ni mocedwa. Nthawi imeneyo timakhala tili kale pa geti ya sitediyamu, kuyembekeza kumva ngati dzina la m'bale wathu lili pa mndandanda wa amoyo.