Musanatamande oats wanu, tembenuzani paketi

Sabata yatha pa pulogilamu yathu ya m'mawa anatuma foni mtsikana wina wa pa koleji. Anakamba monyadila kuti analeka kudya phala la ambuya ake cifukwa limanenepetsa, ndipo manje amadya oats wa mu tumapaketi, uja wongothila madzi otentha. M'mawa ka strawberry, madzulo ka caramel. N'namufunsa ngati anawelengako tumalembo tung'ono-tung'ono twa kumbuyo kwa bokosi. Anaseka, ati, "Ba presenter, oats ni oats."

Iyai. Ndipo pakuti ambili a inu muganiza cimodzimodzi, lekani nikambe.

Oats payekha ni cakudya cabwino, izi sinikana. Ali na fiber ina yocedwa beta-glucan, imene imapangitsa phala kutelela monga thelele. Ikafika m'matumbo imacedwetsa shuga kulowa m'magazi, na kuthandiza kutsitsa mafuta oipa a cholesterol. Mu 1997 bungwe la FDA ku America linalola ogulitsa oats kulemba pa mabokosi kuti amathandiza mtima, ndipo mlingo wake ni magalamu 3 a beta-glucan pa tsiku. Mbili yabwino ya oats inacokela apo. Amalonda anaitenga n'kuimata pa kapaketi kalikonse, ngakhale kodzala shuga.

Oats wa mu shopu alipo wa mitundu itatu. Pali wodula-dula cabe, amene amafuna mphindi 20 kapena 30 pa moto. Pali wophwanthidwa, uja alemba kuti rolled, amene amapsa mu mphindi 5. Ndiye pali wa instant, amene anaphikidwa kale na nthunzi ku fakitale, n'kuphwanthidwa mopyapyala kwambili, n'kuumitsidwa. Gaga sanacotse monga acitila na unga wa breakfast. Cimene cinasintha ni liwilo. Nchito imene mimba yanu inafunika kugwila pang'ono-pang'ono, makina anagwila kale, conco shuga imathamangila m'magazi. Pa sikelo ya glycemic index, imene imapima liwilo limeneli, phala la rolled lili pa 55, la instant pa 79, buledi woyela pa 75. Ndiye cifukwa cake mumadya kapaketi 7 koloko, ikamakwana 10 muli kale pa kantemba kugula vitumbuwa.

Koma mlandu waukulu uli pa zokometsela. Mapaketi ambili a flavour amakhala na magalamu 10 mpaka 12 a shuga. Kasupuni ka tiyi kamodzi ni magalamu 4, kutanthauza kuti m'kapaketi kamodzi muli tumasupuni pafupi-fupi tutatu. Nanga ndani wa zaka 20 amakhuta na kapaketi kamodzi? Mumatsegula tuwili. Bungwe la WHO mu 2015 linalangiza kuti shuga yoikila m'zakudya isapitilile magalamu pafupi-fupi 50 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo cabwino koposa ni kukhala pansi pa 25. Tumapaketi tuwili twakufikitsani kale pafupi na 25 musanakwele na minibasi. Tiyi wa tumasupuni tutatu sitinamuwelengele, na botolo la zoziziliza la masana.

Ena adzati shuga ya mu Zambia ili na vitamin A. N'zoona, kuyambila mu 1998 lamulo limafuna kuti shuga ya pa nyumba aziikamo vitamin A. Anacita zimenezo kuti ateteze ana ku matenda, osati kuti akupatseni cilolezo conyambita shuga. Vitamin A ilimo mu kandolo wofiila mkati, mu mapapaya, mu mango na mu cibwabwa.

Kuwelenga paketi sikufuna digili. Pa mndandanda wa zimene zilimo, cimene n'cambili cimalembedwa poyamba. Mukaona shuga pa nambala yaciwili, mwagula switi. Onaninso mzele wa shuga pa magalamu 100: oats wopanda zoikamo ali na galamu imodzi cabe kapena kupitililako pang'ono. Pomaliza linganizani mtengo pa kilo. Mudzapeza kuti pa tumapaketi mumalipila mapepala na cithunzi ca strawberry.

"Koma nilibe nthawi." Cabwino, tiyeni tikambe za nthawi. Kapu imodzi ya rolled oats, makapu awili a madzi, kamcele pang'ono, mphindi 5 pa stovu kapena pa mbaula, uku mutakasa. Nthawi imeneyo ni yocepa kupambana imene mumathela pa TikTok mukalibe kucoka pa bedi. Ngati malaiti amapita m'mawa kwanu, ikani oats mu flask usiku, thilani madzi owila, tsekani. Kukaca mudzapeza wapsa. Ngati muli na filiji yodalilika, mvikeni mu mabisi usiku wonse, m'mawa mudye wozizila. M'kutentha kwa October musasiye za mkaka pa thebulo mpaka kuce.

Ndipo ngati mufunadi wa instant, gulani wopanda flavour, mukometse mweka. Dulilanimo nthoci yakupsa m'malo mwa shuga. Ikanimo supuni ya nthwilo kapena ya cimponde. Mafuta na mapuloteni a mu nshawa amacedwetsa cakudya kucoka m'mimba, conco njala imacedwa kubwela. Nshawa za ku Chipata zili mbwee mu Soweto Market, sizifuna pasipoti.

Cimene cinaniwawa kwambili pa foni ija ni kunyoza phala la ambuya. Ku Scotland kumene oats anachuka, anali cakudya ca alimi wamba, ndipo mbewu imodzimodziyo anali kudyetsa mahachi. Ife tamuveka suti cifukwa wabwela mu bokosi la cizungu. Phala la mapila, la mawele kapena la roller lotendela nshawa lili na gaga wake, lili na mapuloteni, ndipo palibe amene anabisamo shuga inu osaona. Conenepetsa ni kukula kwa mbale na kuculuka kwa tumasupuni, kaya phalalo n'la cimanga kapena la oats. Ndipo ngati muli na matenda a shuga, nkhani ya cakudya ca m'mawa mukaikambilane na a ku kiliniki, osati na munthu wa pa Facebook amene agulitsa tiyi wocepetsa mimba.

Mtsikana uja n'namupempha cinthu cimodzi: akatenge bokosi lake, adzatiwelengele mzele wa shuga pa wailesi Ciwelu cikubwelaci. Na imwe citani cimodzimodzi lelo madzulo. Nambala imene mupeze muigawe na 4, muone tumasupuni tumene mwakhala mukumeza m'dzina la thanzi.