Tisagule kagalasi, tipemphe malo kuseri kwa golo

Anzanga, musanawerenge zanga, tayang'anani kaye chithunzi chomwe chamatidwa pambali pa pepala linoli. Akuti ndi chigoli chathu chachiwiri tsiku lija tinagonjetsa anzathu a kutsidya kwa mtsinje. Ine ndachiyang'ana sabata ziwiri zathunthu, koma chomwe ndikuonapo ndi fumbi, mtengo wa mango, ndi tinthu tiwiri takuda tomwe ena akuti ndi anthu. Anyamata atatu a Fomu 3 akanganirana kale, aliyense akuti wogoletsayo ndi iyeyo. Palibe angawatsutse chifukwa nkhope palibepo.

Wojambula chithunzicho ndine, sindikana. Ndinaima kuseri kwa chingwe pamodzi ndi ochemerera, foni ya aphunzitsi athu a kalabu ya zolembalemba ili m'manja, n'kukoka zumu mpaka pothera. Zotsatira zake ndi zimenezo.

Lachitatu lapitali kalabu inakumana kuti tione chochita masewero a zoni asanafike. Ambiri anati ndalama zomwe tapeza teremu ino pogulitsa zitumbuwa tigulire kagalasi kaja ka pamsika, kopanira pafoni ngati chopanira zovala, komwe ogulitsa amati kamakoka chinthu chakutali n'kuchifikitsa pamphuno. Ine ndinakana, ena n'kumati ndimakonda makani. Chabwino. Poti tivota Lachitatu likubwerali, ndati ndilembe pano zifukwa zanga kuti aliyense awerenge yekha.

Pa holide yapitayi kunali bonanza pabwalo la pamsika, ndipo kunabwera bambo wina wojambula wochokera kutauni. Kamera yawo inali ndi lenzi yaitali ngati mkono wanga, yokhazikidwa pa ndodo imodzi yachitsulo. Ine mpira sindinauonere bwino tsiku limenelo, maso anali pa iwo basi. Itakwana cha m'ma 4:30 ndinaona akumasula lenzi ija, n'kuchotsa kanthu kozungulira, kakafupi ngati kachitini ka machesi a m'khitchini kapena kabotolo ka mafuta odzola, kamene kanali pakati pa kamera ndi lenzi. Anakaika m'thumba, n'kunyamuka kukakhala pansi pafupi ndi kona. Safunsa anadya phula, ndiye pa hafu taimu ya masewero omaliza ndinalimba mtima.

"Pepani bambo, kamene munachotsa kaja ndi kachiyani?"

Anaseka n'kunena kuti, "Mwanawe, aka ndi telekonveta. Kamandibweretsera wosewera pafupi, koma sikagwira ganyu yaulere. Malipiro ake ndi kuwala."

Anandifotokozera pang'ono, zina ndinakawerengera ndekha kunyumba m'kope la masamu, ndipo zinagwirizana. Lenzi yawo ndi ya mamilimita 300. Nambala imeneyi ikakhala yaikulu, ndiye kuti lenziyo imakoka kwambiri. Matelekonveta odziwika alipo awiri, ka 1.4 ndi ka 2. Ukaika ka 1.4, lenzi ya 300 imagwira ntchito ngati ya 420. Ukaika ka 2, imasanduka ya 600. Kwa munthu amene sangakwanitse kugula lenzi yeniyeni ya 600, yomwe ndi yodula zedi komanso yolemera, kanthu aka n'kothandiza ndithu. Makampani ngati Canon ndi Nikon amapanga timeneti, ndipo akatswiri amatigwiritsa ntchito. Ndiye sindikunena kuti ndi kachinyengo ayi.

Koma tamvani za malipiro aja. Telekonveta siwonjezera kuwala kolowa mu lenzi. Imangotenga pakati pa chithunzi n'kupatambasula. Ka 2 kamatambasula kawiri m'litali ndi kawiri m'lifupi, ndipo 2 kuchulukitsa ndi 2 ndi 4. Kuwala komwe kuja tsopano kukugawidwa pamalo aakulu kanayi. Amene mumathirira kudimba mukudziwa: ndowa imodzi pa bedi limodzi la mpiru imanyowetsa bwino, koma ndowa yomweyo pa mabedi anayi ndi kungowaza. Ka 1.4 n'kachifundo pang'ono, chifukwa 1.4 kuchulukitsa ndi 1.4 ndi pafupifupi 2, ndiye kuwala kumatsala theka. Ojambula amazilemba ndi manambala awo: lenzi ya f/4 imakhala f/5.6 ndi ka 1.4, ndipo imakhala f/8 ndi ka 2. Nambala ikamakwera, kuwala kukuchepa.

Mwina wina afunsa kuti nanga kuwala kukachepa, vuto lili pati? Vuto ndi loti wosewera saima. Kamera imatsegula diso lake n'kutseka mwachangu, ndipo kuti munthu wothamanga aoneke bwinobwino, ojambula masewero amafuna kuti disolo liphethire m'kagawo kamodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kuwala kukachepa kanayi, disolo liyenera kukhala chitsegulire nthawi yotalika kanayi, kagawo kamodzi mwa 250. Pa nthawi imeneyo mwendo wasuntha, mpira wapita, ndipo pachithunzi pamatsala chizukwa. Njira ina ndi kuuza kamera kuti ikokomeze kuwala kochepako, chomwe amati kukweza ISO, koma ukakweza kwambiri chithunzi chimadzaza timadontho ngati wachithira mchenga. Kuwonjezera apo, kamera imachedwa kupeza munthu amene ukumufuna, ndipo kunjenjemera kwa manja ako nako kumakula limodzi ndi chithunzicho. Walira mvula walira matope.

N'chifukwa chake bambo aja dzuwa litapendeka anachotsa telekonveta yawo n'kusendera pafupi ndi mapazi awo. Masana dzuwa lili pamutu inawathandiza. Madzulo inasanduka katundu. Munthu wa kamera ya ndalama zambirimbiri anasankha kukhala m'fumbi pakona, ife a foni yobwereka ndiye tikufuna kujambulira kuchingwe?

Tsono ganizirani za ife. Masewero athu sayamba nthawi yake, tonse tikudziwa. Alendo amabwera wapansi kapena panjinga, ena amadikira lole yomwe inalonjeza 1 koloko n'kufika 3 koloko. Mpira wa anyamata umayamba cha m'ma 3:30, ndipo miyezi ya June ndi July dzuwa limakhala litalowa pofika 5:30. Zigoli zomwe timazikumbukira zimabwera chigawo chachiwiri, nthawi yomwe kuwala kwatha kale mphamvu ndipo fumbi lakwera.

Ndinene chilungamo, poti ena andigwira pamenepa: kagalasi ka pamsika si telekonveta. Telekonveta imakhala kumbuyo kwa lenzi, pomwe kathu kaja kamapanidwa kutsogolo kwa diso la foni, ndiye masamu a kuwala aja sakagwira chimodzimodzi. Koma nako kali ndi malipiro ake, ndipo ndinakayesa pabenchi la wogulitsa. Kuti chinthu chioneke bwino, umazungulitsa ndi zala pang'onopang'ono mpaka chitayera. Ndinalozetsa pa chikwangwani cha golosale, chomwe sichithamanga, koma zinanditengera nthawi. M'mbali mwa chithunzi munali mdima ndi chifunga. Kakangosuntha pang'ono pafoni, theka la chithunzi limada bii. Nditayesa kutsata wa kabaza amene amadutsa, anandisowa kawiri, chifukwa ukakoka kwambiri umaona kamalo kakang'ono ngati ukusuzumira pa bowo la fungulo. Tsono mpira umachedwa kuposa kabaza? Pa katoni pake pali chithunzi chokongola cha mbalame, eya, koma chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Nayo zumu ya pafoni ya aphunzitsi, yomwe ndinakoka tsiku lija, siyandikitsa kanthu. Imangodula pakati pa chithunzi n'kupakulitsa, monga momwe chilembo cholembedwa pa baluni chimakulira ukaipopa, chikukula koma chikufufuma. Cholakwa changa chinali chimenecho.

Ganizo langa lili pa manambala omwe aliyense angakayeze ndi mapazi. Bwalo la mpira la akuluakulu limatalika mamita pafupifupi 105. Ukaima pakati kuseri kwa chingwe, golo lili kutali mamita oposa 50. Koma penate imamenyedwa pa mamita 11 kuchokera pagolo, ndipo bokosi lalikulu limathera pa mamita 16.5. Munthu wokhala pansi kuseri kwa mzere wa golo, chapakati pa golo ndi kona, zigoli zimamupeza yekha, ndipo osewera amabwera atamulozetsa nkhope osati msana. Mukadzaonera Flames pa kanema ikusewera pa Bingu National Stadium, mudzayang'ane kuseri kwa zigoli. Ojambula amakhala mommo atandandalika pansi, chonsecho ali ndi malenzi aatali.

Ku ntchemberembaye ndiye n'kosavuta kwambiri. Bwalo lonse ndi mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi, ndipo lamulo limati chigoli chiponyedwe m'kati mwa kachigawo kozungulira kaja, kamene kamatalikira mamita 4.9 okha kuchokera pamtengo wa golo. Apa foni imakwana popanda zumu. Komanso atsikana amasewera poyamba dzuwa likadali ndi mphamvu. Chodabwitsa n'choti chaka chino pabolodi pano sipanamatidwepo chithunzi cha timu yathu ya atsikana ngakhale chimodzi. Sikuti kagalasi kanasowa. Tonse timathamangira kukagwira malo ku mpira wa anyamata, ineyo ndemwe.

Ndiye ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, kalabu ilembe kalata kwa aphunzitsi a zamasewero kuti ojambula awiri aziloledwa kudutsa chingwe n'kukhala kuseri kwa mzere wa golo, atavala kansalu kowazindikiritsa kuti oyimbira asawathamangitse. Chachiwiri, wojambula azisankha golo lomwe dzuwa likhale kumsana kwake, kuti kuwala kuzigwa pankhope za osewera, ndipo zumu asaikhudze. Chachitatu, ndalama za zitumbuwa tisunge zotsukitsira zithunzi. Kodi tikagula kagalasi, zithunzizo tidzazitsukitsa ndi chiyani? Zidzangokhala m'foni ya aphunzitsi, bolodi lili mbee.

Wina pamsonkhano anati mpira ukhoza kumenya foni ya eni ake n'kusweka. Nkhawa imeneyo ndi yoona, ndipo nanenso ndilibe ndalama yolipira foni. N'chifukwa chake ndikuti tizikhala chakukona osati kuseri kwenikweni kwa goloboyi, foni tiimange kachingwe padzanja, ndipo mnzako wachiwiri ntchito yake ikhale kuyang'ana mpira. Wina anati tikakhala golo limodzi tidzaphonya zochitika ku golo linalo. Inde tidzaphonya. Koma bolodi lathu limalowa zithunzi zinayi basi, ndipo kuli bwino zinayi zooneka nkhope kusiyana ndi makumi awiri a fumbi.

A Fomu 4 atsala ndi masewero ochepa kuti atisiye. Ena mwa iwo asewerera sukulu ino zaka zinayi opanda nsapato, koma alibe chithunzi ngakhale chimodzi choti adzaonetse kwawo. Tikaponya ndalama pa kagalasi n'kukanika, teremu yatha ndipo mwayi wina palibe.

Amene simukundikhulupirira, bwerani Lolemba pa nthawi ya phunziro la masewero. Tidzajambule wothamanga mmodzi kawiri, koyamba tili kuchingwe ndi zumu, kachiwiri tili pamzere popanda zumu. Zithunzi zonse ziwiri tidzazionetse kwa aliyense Lachitatu tisanakweze manja. Changa chikadzaipa, voti yanga ndidzaponya ku kagalasi pamaso panu.

Wolemba: mtsikana wa Fomu 2, kalabu ya zolembalemba