KUCOKERA KU CIMBUDZI KUPITA KU DIMBA

Nkhani ya mwezi uno ndi yocititsa manyazi kuichula pamaso pa akulu, komabe tiyenera kuikamba. Sitinaiwale kolera ya 2023 ndi 2024, pamene bwalo la National Heroes mu Lusaka linasanduka cipatala, sukulu zinacedwa kutsegulidwa, ndipo mabanja ambiri anaika maliro. Nthenda imeneyi imafala zonyansa za munthu zikalowa m'madzi kapena m'cakudya.

Tidziwanso kuti feteleza ndi wodula, ndipo m'cilimwe madzi amasowa. Cifukwa cace alimi ena a m'mphepete mwa mizinda amathirira lepu ndi kabici ndi madzi ocokera ku zimbudzi. Masamba amabiriwira ndithu, pakuti m'madzimo muli cakudya ca mbewu. Kodi madzi otere angathandize mlimi popanda kudwalitsa wodya? Inde angathandize, koma pokhapo atayamba adutsa m'maiwe oyeretsera, monga aja a ku Ngwerere ndi ku Kaunda Square.

Maiwewa amakumbidwa motsatana. Loyamba ndi lakuya mamita 2 mpaka 5, ndipo m'menemo zolemera zimamira ndi kuwolera pansi. Laciwiri ndi lotakata koma losaya. M'menemo mumamera ndere, zimene zimatulutsa mpweya wabwino, ndipo mpweyawo umapatsa mphamvu tizilombo tothandiza kuti tidye zonyansa zotsala. M'maiwe otsiriza, osaya kopambana, dzuwa limalowa bwino ndi kupha tizilombo ta matenda otsegula m'mimba. Pa ulendo wonsewu mazira a njoka za m'mimba amanka namira m'matope. Nchitoyi siifuna makina, ifuna dzuwa, mphepo ndi masabata angapo. M'caka ca 1989 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, linaika muyeso wakuti madzi othirira mbewu asapose dzira limodzi la njoka pa lita imodzi, ndipo maiwe osamalidwa bwino amaufikira muyesowo.

Njira yofanana ndi imeneyi idziwikanso kutali. Ku Kolkata m'dziko la India, mzinda umene Amai Teresa anatumikiramo osauka, madzi a zonyansa amapita ku madambo a mahekitala 12,500. Kumeneko dzuwa ndi ndere zimawayeretsa, asodzi amawetamo nsomba, ndipo alimi amathirira nawo minda.

Ngozi yathu ndi changu cosayenera. Munthu akaboola mpope kapena kupatutsa madzi asanafike ku dziwe lotsiriza, amatengera kolera ndi njoka ku dimba, kucokera ku dimba kupita ku msika, ndi kucokera ku msika kufika m'mbale ya mwana. Makolo anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Sitikuweruza mlimi amene afuna ndalama za sukulu ya ana ace, koma lamulo lacisanu la Mulungu limatetezanso wogula amene sitimdziwa. Ngakhale m'buku la Deuteronomo, mutu 23, Aisraeli analamulidwa kukwirira zonyansa zao kunja kwa misasa.

Tsono ticite ciani? Alimi, tungani madzi otuluka m'dziwe lotsiriza pokha. Thirirani pa tsinde osati pa masamba, valani majombo, ndipo lekani kuthirira masiku angapo musanathyole ndiwo. Matope a pansi pa dziwe ayambe auma ndi kukhala caka cathunthu kapena kuposerapo asanakhale manyowa, pakuti mazira a njoka safa msanga. Amai ndi atate pa nyumba, tsukani ndiwo m'madzi abwino ndi kuziphika mpaka zipse. Ana asasewere kapena kusamba m'maiwe.

Ife a m'miphakati, tikambirane nkhaniyi pa msonkhano wa mwezi uno. Tikaona mpope woboola kapena dziwe lodzala zinyalala, tikauze akhansala a dera lathu. Ambuye adalitse madimba athu ndi kusunga ana athu.