Khoti lalikulu lisendere ku Kasungu

Abale anga a kuno ku Malomo, ndi inu muli m'tauni amene timakuvutitsani ndi malo ogona tikabwera ndi milandu, lero za fetereza ndazisiya kaye. Ndikufuna tikambe za mtunda wopita ku khoti.

Khoti lalikulu m'Malawi muno lili ndi maofesi m'mizinda inayi iyi: Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Ife a ku Ntchisi, a ku Dowa, a ku Kasungu ndi a ku Nkhotakota tonse timathamangira ku Lilongwe. Majisitireti alipo pa boma, inde, koma mphamvu zake zili ndi malire. Mlandu wakupha sangauzenge. Ndipo ngati chigamulo chake sichinakukomereni, apilo ndi ya ku khoti lalikulu komweko.

Tsono taganizani mayi wamasiye amene achibale a malemu amuna ake amulanda katundu, nkhani mpaka yakwera ku Lilongwe. Adzuke usiku, akwere kabaza kukafika pamsewu, apeze galimoto ya ku Ntchisi boma, atulukire pa Mponela, ndiye alowe m'tauni. Sapita yekha. Mboni ziwiri zimafuna thiransipoti, nsima ya masana ndi pogona, zonse m'thumba mwake. Akafika amuuza kuti loya wa mbali inayo watanganidwa, mlandu wasunthidwa, mubwere mwezi wa mawa. Ulendo woyamba agulitsa thumba la soya. Wachiwiri mbuzi. Wachitatu sapitanso, ndipo m'fayilo mungolembedwa kuti wodandaula sanabwere. Amati mlandu suwola, koma kuno umawolera m'njira. Wopambana amakhala amene watha kulipira minibasi kambirimbiri, ngakhale mfundo zake zili zopanda mutu.

Nyengo ya dzinja ndiye usanene. Tsiku la khoti likagwera m'sabata yobandira, munthu amasankha pakati pa munda ndi chilungamo, ndipo ambiri timasankha munda chifukwa ana sadya chigamulo.

Gawo 41 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wofikira khoti kuti nkhani yake iweruzidwe. Ine ndimawerenga kuti "kufikira" kumeneku ndi kwa miyendo ndi ndalama zomwe, osati kwa papepala pokha.

Maganizo anga ndi awa. Malire a makhoti awajambulenso potsata misewu imene anthu timayendadi. Malomo ili pa msewu wa tala wa M18 wochokera ku Kasungu kupita ku Nkhotakota. Munthu wa kuno amafika ku Kasungu m'mawa, n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Bwanji osaika jaji pa Kasungu woti aziona za Kasungu, Nkhotakota, kumpoto kwa Ntchisi ndi mbali ya Dowa ya ku Madisi? Bungwe la MEC linajambulanso malire a madera a aphungu, kuchoka pa 193 kufika pa 229, ati kuti phungu akhale pafupi ndi anthu ake. Ndalama za aphungu ena 36 zinapezeka. Za jaji m'modzi ndi kalaliki wake zisowe eti?

Mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito m'tauni ananditsutsa. Akuti malume, majaji ndi ochepa, mukawamwaza ntchito ichedwa kuposa panopa. Maloya ambiri amakhala ku Lilongwe, ndiye mukamutengera loya ku Kasungu mafuta a galimoto yake mulipira ndinu nomwe. Mfundo yake ndi yomveka, sindikuikana. Koma tawerengani mitu. Panopa kuti jaji m'modzi ndi maloya awiri asayende, mukuyenda anthu khumi kapena kuposa: odandaula, mboni, apolisi a pa boma, dokotala amene anapima mtembo. Nanga wotchipa kuyendetsa ndi ndani? Ngati kumanga ofesi n'kodula, ayambe ndi masiku okhazikika. Majaji amayenda kale m'maboma kukazenga milandu yakupha, koma zimadalira kuti ndalama zapezeka liti, ndipo wa pa rimandi amangodikira osadziwa tsiku. Alengeze kuti sabata yakuti mwezi uliwonse jaji ali pa Kasungu, ngati momwe timadziwira tsiku la msika. A Legal Aid Bureau, amene amaimira ife osauka, nawonso adziwiretu pokhala.

Ena mukuti yankho ndi kubwezera makhoti kwa mafumu. Apa ndiye ndimayenda mosamala. Akuluakulu mukukumbukira makhoti a mafumu a nthawi ya Kamuzu, kumene loya sankaloledwa kulowa. Ndi kumene a Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983, ndipo a Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Makhoti amenewo anatha pobwera matipate. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la makhoti a m'madera oweruza timilandu ting'onoting'ono, koma kuno sitinawaonepo. Timilandu ta ng'ombe yadya chimanga cha mnzako tithere pafupi, ndikuvomera. Koma munthu amene sanakhutire akhale ndi kokadandaula komwe angafikeko ndi ndalama ya nkhuku ziwiri, apo ayi wamphamvu m'mudzi azingochita zofuna zake podziwa kuti ku Lilongwe simukafika.

Nkhaniyi ndikufuna tiikweze ku msonkhano wa ADC ukubwerawu, kuti khansala ndi phungu akaitule kumene iyenera kupita. Amene munayendapo milandu ku Lilongwe, lembani m'munsimu kuti munapita maulendo angati ndipo munagulitsa chiyani. Maina a amene munkalimbana nawo musatchule, tikufuna chiwerengero chokha choti tikawaonetse.