PA SITIMA, MFUMU NDI WOTCHI YA KAPUTENI OSATI FONI YAKO

Ndine uja wa ma injini padoko. Lero ndasamba girisi m'manja kuti ndilembe nkhani yomwe yandikhala pakhosi, makamaka kwa inu amene mukulota ntchito za pa sitima zikuluzikulu za ku Durban ndi Cape Town, komanso inu amene muli ndi m'bale kumeneko. Ndi yaitali, koma werengani mpaka pansi.

Msuweni wanga, amene tinkawedza naye usipa tili ana, amagwira ntchito ku injini pa sitima yonyamula alendo. Paulendo wochoka ku Cape Town kupita ku Fremantle ku Australia anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito. Chifukwa chake sichinali mowa kapena ulesi ayi. Chinali tulo. Cape Town ndi kuno nthawi ndi imodzi, koma Fremantle ili patsogolo ndi maola 6. Alamu athu ankaimba foni 8 koloko madzulo atagoneka ana, osadziwa kuti kwa mwamuna wawo ndi 2 koloko usiku. Iye kuopa kuti anena zoti wapeza wina, ankayankha basi. Mapeto ake anapezeka akuwodzera pafupi ndi makina akuzungulira. Bwana wake anamuchenjeza kamodzi n'kumuuza kuti kachiwiri kulibe.

Maganizo anga ndi awa: chimene chimagwetsa munthu pa ulendo wotere si ola losinthalo. Ndi kufuna kukhala ndi mawotchi awiri, thupi pa sitima koma mtima ukuyendera nthawi ya ku Mangochi.

Choyamba timvetse mmene zimayendera. Dziko limazungulira madigiri 360 pa maola 24, ndiye kuti madigiri 15 aliwonse ndi ola limodzi. Kuwerenga kumayambira ku Greenwich ku London, monga anagwirizanirana mayiko pa msonkhano wa ku Washington mu 1884. Ife tili patsogolo pa Greenwich ndi maola 2. Ukalowera kum'mawa wotchi imakankhidwira kutsogolo, tsiku limakhala la maola 23. Ukalowera kumadzulo imabwezedwa, tsiku limakhala la maola 25. Musaone ngati ndi zakutali. Amene munawolokapo kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Mbamba Bay mukudziwa kuti Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, pamene ku Metangula ku Mozambique n'chimodzimodzi ndi kuno. Nyanja yomweyi, mawotchi awiri.

Pa ndege maola 6 aja amakugwera tsiku limodzi. Pa sitima amabwera pang'onopang'ono, ola limodzi pakapita tsiku kapena masiku awiri. Sitima ya Queen Mary 2 imatenga usiku 7 kuchoka ku Southampton kukafika ku New York, ndipo wotchi imabwezedwa kasanu. Alendo amasangalala, ola laulere logona. Pobwerera ndiye pali chimpwirikiti, chifukwa thupi la munthu limalola msanga tsiku lalitali kusiyana ndi lalifupi. Kugona mochedwa n'kosavuta, koma yesani kudzikakamiza kugona tulo tisanabwere muone. Mlendo akatopa amangogona masana pampando wake. Wantchito alibe mwayi umenewo.

Ndiye amasitima anapeza nzeru. Pa sitima zambiri alonda amagwira maola 4 n'kupuma 8, ndipo ola likamasintha amaligawa patatu, gulu lililonse mphindi 20, kuti pasakhale wodyeredwa. Palinso lamulo la padziko lonse la Maritime Labour Convention la 2006, lomwe limati wapasitima apume maola osachepera 10 pa maola 24 aliwonse, ndi 77 pa sabata. Koma lamulo limangokupatsa nthawi yopuma. Silingakulande foni m'manja. Ukawathera pa WhatsApp maolawo, wadzibera wekha.

Ndikudziwa ena muyankha kuti, "Mani, ife ndife ana a asodzi, tulo tinatigonjetsa kalekale." Bodza limenelo. Bambo anga agwira chilimira zaka zambiri, koma nthawi yawo sinkasuntha: kulowa m'madzi dzuwa likamalowa, kutuluka m'bandakucha, kugona pansi pa mtengo masana. Mwezi ukawala kwambiri, nyali zosakoka usipa, ankapuma. Thupi linkadziwa ndondomeko yake. Pa sitima ndondomekoyo imasuntha tsiku ndi tsiku. Ndipo tisanamizane, ndi mabwato angati amene ndawakonzera pulopela chifukwa woyendetsa anawodzera n'kugunda mwala? Yamaha 15 ikakukhumudwitsa umapalasa n'kufika. Injini ya sitima ikakugwira dzanja silibwerera.

Kwa amene mukupita, nazi zomwe ndikuona kuti n'zofunika:

1. Gulani kawotchi kapamkono kotchipa, muzikasintha nokha akalengeza. Pa foni zimitsani zoti nthawi izisintha yokha. Foni imatola nthawi ya netiweki ya doko lomwe mwayandikira, pamene kaputeni mwina sanasinthe. Mukatsika padoko n'kudalira foni, mudzapeza sitima yanyamuka. Ilala imene ija sidikira munthu, nanga iyi?

2. Wotchi ikasintha, sinthani zonse tsiku lomwelo: kudya, kusamba, kugona. Osamati "kwathu panopa ndi nthawi ya nsima."

3. Mukamapita kum'mawa, tulukani panja m'mawa dzuwa likuwombeni m'maso, madzulo pewani kuwala kwa foni. Mukamapita kumadzulo, dzuwa la madzulo ndiye mnzanu. Kuwala ndi kumene kumakonza wotchi ya m'thupi, ngati mmene timatcherera taimingi ya injini.

4. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimakhala m'magazi maola ambiri. Imwani poyamba ntchito osati pomaliza. Mowa umakugwetsa msanga koma tulo take n'topepuka.

5. Tulo tikakupanikizani masana, gonani mphindi 20 zokha, alamu ya pa wotchi itatcheredwa.

6. Ngati mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya a shuga, a BP kapena ma ARV, onanani ndi dokotala wa pa sitima akuuzeni mosinthira nthawi. Osachita manyazi, osangoganizira.

Tsopano kwa ife otsala kuno, pakuti mbali yaikulu ndi yathu. Amayi, alamu, achimwene: munthu akapanda kuyankha foni sikuti wayamba matama chifukwa cha madola. Mwina kwawo ndi pakati pa usiku. Musanaimbe dzifunseni kuti kumeneko ili nthawi yanji. Tumizani voisi, adzamvera akadzuka. Gwirizanani tsiku limodzi pa sabata loyankhulana bwinobwino. Msuweni wanga ndi mkazi wake anachita zimenezi ndipo ntchito ilipobe, sukulu fizi ikubwera. Inde kusungulumwa kumapweteka, sindikukana. Koma foni ya 2 koloko usiku ikamuchotsetsa ntchito, tonse amene timadya thukuta lake tidzalira limodzi.

Za nthawi zinasokonezapo akatswiri kuposa ife. Mu 1522 anthu otsala a ulendo wa Magellan, atazungulira dziko molowera kumadzulo, anafika ku Cape Verde akuti lero ndi Lachitatu pamene eni dziko akuti Lachinayi. Anali atalemba tsiku lililonse osaphonya, koma tsiku lathunthu linasowa. N'chifukwa chake lero pali mzere pa nyanja ya Pacific, cha pa madigiri 180, pomwe ukawoloka deti limadumpha kapena kubwereza. Ndiye m'bale wanu akakufunirani Khirisimasi yabwino pa 24, musamuseke, kwawo yafika kale.

Amene muli ndi mwana ku Marine College ku Monkey Bay kapena m'bale pa sitima, mutumizireni uthengawu. Ine ndabwerera ku kabuleta ya mdala wina akundidikira kuti alowe m'madzi mwera usanayambe. Tionana padoko.