Kamisolo wa mayi woyamwitsa asakhale nkhani yonong'ona

Kwathu kuno mayi amayamwitsa mwana m'minibasi, m'tchalitchi ngakhale pamaliro, ndipo palibe amene amacheuka. Bere la woyamwitsa si chinthu chamanyazi. Chodabwitsa nchakuti kansalu kogwira berelo ndiko timakachitira manyazi. Mawu oti kamisolo amatchulidwa motsitsa, mwina timangoti "zovala zam'kati" ngati kuti dzina lake likhoza kutiwotcha pakamwa. Ine ndikuona kuti manyazi amenewa akupweteketsa amayi, ndipo nkhaniyi iyenera kumakambidwa poyera kusikelo monga momwe timakambira za zitenje, beseni ndi lezala zimene mayi amauzidwa kuti atenge popita kukachira.

Bungwe la WHO limodzi ndi la UNICEF amalangiza kuti mwana ayamwe mwakathithi kwa miyezi 6, ndipo apitirize kuyamwa mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Nthawi yonseyi bere silikhala chimodzimodzi. Limakula mayi ali woyembekezera, limatupa kwambiri patatha masiku awiri, atatu kapena anayi chibadwire mwana mkaka ukayamba kubwera wambiri, kenako limakhazikika pakadutsa masabata angapo. Ngakhale tsiku limodzi lomwelo, bere lodzaza m'mawa limasiyana ndi bere limene mwana wangoyamwa kumene. Nanga kamisolo wa pautsikana angakwane bwanji pamenepa?

Kamisolo wothina, makamaka wokhala ndi waya kunsi, amapanikiza bere malo amodzi kwa maola ambiri. Mkaka suyenda bwino pamalopo, pamachita kachotupa kolimba ndi kopweteka, ndipo nthawi zina bere limatentha, mayi nkumva litsipa ndi kuzizidwa ngati malungo. Zikanyalanyazidwa pamatha kubuka chithupsa. Mayi amene bere likumuwawa amayamba kuzemba kuyamwitsa, ndipo wovutika pomaliza ndi khanda lomwe silinalakwe kanthu.

Vuto lina lili pamalo ogulira. Amayi ambiri amagula pakaunjika, pomwe palibe poyesera. Amangomuyika kamisoloyo pachifuwa pamwamba pa bulauzi, wogulitsa, yemwe nthawi zambiri ndi mnyamata, nkuti "Wakukwanani ameneyo mayi." Manambala olembedwapo nawo amasokoneza chifukwa mabelo amachokera m'mayiko osiyanasiyana. Wa ku Britain wolembedwa 36 ndi wofanana ndi wa ku Germany wolembedwa 80, ndipo 34 ndi 75. Nambala imanena za lamba wozungulira nthiti kunsi kwa mawere, pamene chilembo, kaya B, C kapena D, chimanena kukula kwa thumba lolowa bere. Ndi angati anauzidwapo zimenezi? Ife a maphunziro a zilankhulo timakonda kutsutsana za kalembedwe ka mawu, koma nazi zilembo zimene amayi amaziona tsiku ndi tsiku popanda wowamasulira.

Chonsecho kuyeza sikufuna ndalama. Tepi ya telala ndi yokwanira, ndipo nthawi yabwino ndi mwezi womaliza wa pakati, nkusiya kampata ka kutupa kwa masiku oyamba. Lamba ndiye amanyamula kulemera kwa mawere kuposa zingwe za paphewa, choncho azigwira bwino osakwera kumsana, komabe zala ziwiri zizitha kulowa. Pogula akwane atakoledwa patingowe takumapeto, kuti nthiti zikabwerera mwakale mayi azitha kumanga mothinitsako. Bere lonse lilowe m'thumba, lisasefukire pamwamba kapena kukhwapa. Nsalu ya thonje ndi yabwino kuno kotentha, chifukwa chinyezi cha thukuta ndi mkaka chimanyeketsa nsonga za mawere. Ngati pali kotsegulira kutsogolo, katseguke ndi dzanja limodzi poti linalo lanyamula mwana, ndipo thumba litsike lonse. Kukankhira kamisolo wamba pamwamba pa bere poyamwitsa, monga ambiri amachitira, kumapanikiza bere panthawi imene mkaka ukufunika kuyenda.

Ena anganene kuti izi ndi za anthu apatauni, agogo athu analera ana khumi opanda kamisolo. Akunena zoona, ndipo mayi amene akumva bwino osavala asakakamizidwe. Kusavala nkwabwino kuposa kuvala wothina. Koma mayi wa lero amabwerera kuntchito, kukalasi kapena kumsika mwana akadali wakhanda, ndipo amavala ndithu. Ngati amavala, adziwe wosankha.

Anamwino ndi alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kale kagwiridwe ka mwana pabere. Kuwonjezera mphindi zisanu, tepi ili m'manja, sikungawononge kanthu. Abambo nawonso, omwe masiku ano amalimbikitsidwa kuperekeza akazi awo kusikelo, amve nawo phunziroli, kuti pamene akuwerengera ndalama za matewera ndi shawelo aziyikapo makamisolo awiri, wina wovala wina ali pachingwe.