ZA PAKHOMO PATHU: MPHAKA, NYAMA YAIWISI NDI MAFUPA

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi kukathandiza amai anga kulowetsa cimanga m'nkhokwe. Madzulo a tsiku loyamba anandiphera nkhuku monga mwa mwambo wathu, ndipo titatha kudya ana anaponyera mphaka mafupa onse amene anatsala m'mbale. M'mawa mwake tinapeza mphaka uja ali khuma pakhonde, dovu likucuca, akudzikanda pakamwa ndi miyendo yakutsogolo. Amai anayamba kudandaula kuti wina wa kaduka wam'dyetsa mankhwala, pakuti mphakayo wakhala mlonda wa nkhokwe yao zaka zinai. Mwa mwai mlangizi wa ziweto amakhala pafupi. Iye anam'kulunga m'saka, nam'yasamitsa, nacotsa kafupa ka mwendo wa nkhuku kamene kanapingasa kumwamba m'kamwa pakati pa mano. Panalibe munthu wa kaduka. Olakwa tinali ife tomwe amene tinadya nkhukuyo.

Awerengi okondedwa, mphaka, amene ena amati cona kapena pusi, ndi ciweto cimene ticiiwala kawirikawiri, cikhalireco nchito yake ndi yaikulu. Banja limalima, kupalira ndi kukolola miyezi yambiri, koma makoswe akalowa m'nkhokwe amadya ndi kuipitsa cakudya ca ana athu usiku uliwonse. Alipo amene amati mphaka am'mane cakudya kuti agwire bwino makoswe. Maganizo amenewa ndi olakwika. Kusaka ndi cibadwa cake, ndipo amasaka ngakhale atakhuta. Mphaka wanjala ndiye amene amavundukula mphika wa ndiwo, kugwira anapiye, kapena kusamukira kwa anansi kumene amam'patsa kanthu, nkhokwe yanu ndi kutsala yopanda mlonda.

Tsono kodi tizim'patsa ciani? Yang'anani m'kamwa mwake. Mphaka wamkulu ali ndi mano 30, pamene galu ali nao 42, ndipo mano a mphaka ndi obaya ndi oduladula nyama. Alibe mano opera mbeu monga athu. Thupi lake limafuna zinthu zina zimene zimapezeka m'nyama mokha. Cimodzi mwa izo ndi taurine, amene amapezeka wambiri mu mtima wa nyama ndi m'nsomba. M'caka ca 1975 akatswiri a ku America anapeza kuti mphaka wosowa taurine amacita khungu pang'onopang'ono, ndipo mu 1987 madokotala a ziweto a ku University of California, ku Davis, anaonetsa kuti kusowa komweko kumafoketsa mtima wake. Ndiponso mphaka sangathe kupanga vitamini A kucokera ku ndiwo zamasamba monga ticitira ife anthu. Cotero nsima yokha, ngakhale yoviika mu msuzi, ingadzaze mimba yake koma singam'sunge ndi moyo wabwino.

Pamenepa wina anganene kuti, "Nanga khoswe amene mphaka amagwira, ndani amam'phikira?" Funso limeneli ndi la nzeru, koma tiyeni tilione bwino. Mphaka akagwira khoswe kapena mbewa amadya nthawi yomweyo, nyama isanavunde, ndipo amadya pafupifupi zonse: mnofu, ciwindi, mtima ndi timafupa tofewa. M'timafupamo ndimo amapezamo kashiamu, mcere umene umalimbitsa mafupa. Mnofu wokhawokha uli ndi kashiamu wocepa kwambiri, mwakuti ana a mphaka oleredwa ndi mnofu wokha amakula ndi mafupa ofooka, amatsimphina, ndipo miyendo imathyoka msanga. Ciwindi naco cikacuruka tsiku ndi tsiku cimaumitsa khosi ndi msana wa mphaka cifukwa ca kucuruka kwa vitamini A.

Kusiyana kwaciwiri ndi kwa ukhondo. Nyama ya pamsika imene yakhala pa mbedza tsiku lonse padzuwa, nchenche zikuteranapo, imakhala ndi tizirombo tosaoneka ndi maso, monga Salmonella ndi Campylobacter, timene timatsegula m'mimba. Ife timapulumuka cifukwa timaphika. Mphaka akadya nyama yotere yaiwisi angathe kuoneka wa bwinobwino, koma tiziromboto timaturuka m'cimbudzi cake. Iye amadzinyambita thupi lonse, kenaka mwana wokwawa amam'kumbatira ndi kuika zala m'kamwa. Mwanayo akayamba kutsegula m'mimba palibe amene amakumbukira kanyama kaja kanaponyedwa pansi dzana.

Palinso kacirombo kena kochedwa Toxoplasma. Kanapezeka koyamba mu 1908 ku Tunis, koma munali mu 1970 mmene akatswiri anadziwira kuti mazira ake amaturuka m'cimbudzi ca amphaka. Mphaka amakatenga podya nyama yaiwisi, ndipo amataya mazirawo kwa sabata imodzi kufikira zitatu. Mazirawo amayamba kupatsira matenda pakapita tsiku limodzi mpaka masiku asanu, ndipo m'dothi lonyowa amakhala amoyo miyezi yambiri. Munthu wamphamvu kawirikawiri samva kanthu. Koma mai wapakati akatenga kaciromboka kwa nthawi yoyamba, pathupi pangathe kucoka, kapena mwana kubadwa ndi vuto la maso ndi ubongo. Anthu amene citetezo ca m'thupi mwao catsika, monga odwala AIDS, nawonso amadwala kwambiri. Ndi zoona kuti mphaka wosaka angakatenge kwa makoswe, koma ife tisaonjezepo ndi manja athu. Musathamangitse mphaka cifukwa ca zimenezi iai. Mai wapakati asakhale ndiye wocotsa cimbudzi ca mphaka. Sambani m'manja ndi sopo mukacoka kudimba. Tsukani ndiwo zamasamba. Ndipo ana asasewere pa mcenga pamene mphaka amadzithandizira. Nyama imene mudya inu eni nayonso ipse bwino, pakuti kaciromboka kamalowanso mwa anthu kudzera m'nyama yosapsa.

Coopsa koposa zonse ndi nyama ya ciweto cofa cokha. Ambiri tikaona kuti nyamayo ndi yokaikitsa timati, "Patsani agalu ndi amphaka." Abale anga, kutero ndi kuitana maliro pakhomo. Mu 2011 anthu oposa 500 a m'boma la Chama anadwala matenda a anthrax atasenda ndi kudya nyama ya mvuu zimene zinafa zokha mu mtsinje wa Luangwa, ndipo ena anamwalira. Mu 2023 matendawa anabukanso, makamaka ku Sinazongwe, ndipo bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti pofika pa 20 November caka cimeneco anthu 684 anali kuganiziridwa kuti adwala m'zigawo 9 mwa zigawo 10 za dziko lathu. Mphaka nayenso amadwala anthrax akadya nyama yotere. Amatupa mutu ndi khosi, ndipo amakhoza kufa. Amakokeranso zidutswa za nyamayo kuseri kwa nyumba kumene ana amasewera. Ng'ombe kapena mbuzi ikafa mwadzidzidzi musaisende. Itanani a ofesi ya ziweto kuti akuuzeni katenthedwe kapena kakwiriridwe kake.

Cimodzimodzinso nkhuku zofa ndi matenda. Tinazolowera kunena kuti ndi citopa, koma ndi maso okha palibe angasiyanitse citopa ndi cimfine ca mbalame. Mu 2024 ku America amphaka anafa ndi cimfine cimeneci, ena atamwa mkaka wosawiritsa wa ng'ombe zodwala, ena atadya nyama yaiwisi ya mbalame zoweta. Nkhuku yofa yokha ikwiriridwe m'dzenje lakuya.

Tibwerere ku mafupa, kumene nkhani yathu inayambira. Fupa likaphikidwa kapena kuochedwa limauma, ndipo likatafunidwa limasweka m'tizidutswa tosongoka ngati singano. Tizidutswato timapingasa m'kamwa, timatsakamira pakhosi, kapena kuboola matumbo. Minga ya nsomba zazikulu imacitanso cimodzimodzi. Fupa laliwisi silisweka motero, komabe lingathe kuthyola dzino kapena kutsamwitsa, ndiponso lili ndi tizirombo tija tachula kale. Nzeru yabwino ndi kusam'patsa mafupa konse. Mukaona mphaka akucuca dovu, akudzikanda pakamwa, akusanza kapena akukana cakudya, pitani naye kwa mlangizi wa ziweto msanga. Musalowetse zala m'kamwa mwake popanda wokugwirirani, pakuti mphaka womva ululu amaluma ngakhale mwini wake. Ndipo musayese kum'patsa Panadol: mbulu umodzi wokha wa mankhwala amenewa ungathe kupha mphaka.

Sindikunena kuti banja la kumudzi lizigulira mphaka cakudya ca m'zitini ca m'masitolo a ku Chipata kapena ku Lusaka. Zimene tili nazo zikwanira ngati ticita mwa dongosolo. Pa tsiku lopha nkhuku kapena mbuzi, patulani tizidutswa ta mnofu, mapapo ndi mtima, muwiritse m'madzi okhaokha musanathire mcere ndi anyezi, cifukwa anyezi ndi adyo amaononga magazi a mphaka. Nthutumba sindiichula, pakuti mwini wake amadziwika m'nyumba iliyonse. Mum'patse pamodzi ndi msuzi wake, popeza taurine wina amasungunukira m'madzi ophikira. Ciwindi cikhale capang'ono, kamodzi pa sabata. Masiku ena tengani kapenta wodzaza cikhato ca mwana, mum'viike kuti mcere ucoke, mum'wiritse ndi kum'sinja. Timafupa take tofewa timapatsa kashiamu. Nsomba ziziphikidwa nthawi zonse, cifukwa mitundu ina ikakhala yaiwisi imaononga vitamini B1 m'thupi la mphaka. Dzira lophika limathandizanso. Nsima ikhale yongoonjezera pang'ono. Madzi abwino akhalepo nthawi zonse, koma mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu. Mbale yake ikhale yakeyake, ndipo izitsukidwa.

Mphaka wosaka makoswe amatenga njoka za m'mimba, cotero funsani mlangizi za mankhwala ake oyenera, ndipo pamene agalu akulandira katemera wa ciwewe mutengenso mphaka. Ngati mwathira mankhwala a makoswe m'nyumba, tolani makoswe akufawo ndi kuwakwirira, cifukwa mphaka akawadya mankhwalawo angam'pwetekenso. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Alangizi a ziweto Boma linawaika pakati pathu kuti tiziwafunsa.

Mphaka wa amai anga anacira patapita masiku atatu, ndipo pamene ndinali kunyamuka anali atagona pansi pa nkhokwe monga mwa nthawi zonse. Tsopano amai ali ndi kamphika kakang'ono kophikira mlonda wao, ndipo adzukulu alamulidwa kuti mafupa onse azitayidwa m'dzenje ndi kukwiriridwa. Anandiuza kuti kapenta wa mphaka wa mwezi wathunthu sangafike pa mtengo wa thumba limodzi la cimanga, ndipo ine ndinalibe mau otsutsa. Ngati muli ndi funso pa za ziweto za pakhomo panu, lemberani kwa Mkonzi. Tsalani bwino mpaka sabata ya mawa.